Tifunseni: Kodi mawu akuti "vibrant" amanena za mphamvu?

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa Fomu 4 ndipo ndikukonzekera mayeso a MSCE. M'chimangirizo cha Chingerezi ndinalemba kuti agogo anga aamuna ndi "vibrant" chifukwa amasenza okha thumba la chimanga la makilogalamu 50 popita kuchigayo, koma aphunzitsi anadula mzere wofiira kunsi kwa mawuwo. Kodi ndinalakwitsa pati, poti ine ndimayesa kuti mawuwa amanena za munthu wamphamvu? Ndine wophunzira wa ku Chinamwali, Zomba.

YANKHO: Mwana wanga, aphunzitsi ako sanakulakwire, ndiponso iwe sunaphonye patali. Mawu akuti "vibrant" ndi mfotokozi, ndipo amanenadi za nyonga, koma si nyonga ya m'mikono yosenzera katundu ayi. Ya agogo akoyo Azungu amaitchula kuti "strong".

Kuti umvetse bwino, uyambe wadziwa kumene mawuwa anachokera. Tsinde lake ndi mneni wa Chilatini wakuti "vibrare", kutanthauza kugwedeza kapena kunjenjemera, ndipo ndi komwekonso kunachokera "vibrate", mawu amene umawaona pafoni ukafuna kuti isalire koma izingonjenjemera m'thumba. Choncho chinthu chikakhala "vibrant" ndiye kuti chadzaza moyo mpaka woyandikira akuumva m'thupi, monga momwe chifuwa chimanthunthumira ukaima pafupi ndi ng'oma yaikulu pabwalo la gule.

Tsiku lina udzapite mumsika waukulu wa Zomba m'mawa, udzaime kaye osagula kanthu. Amayi a matemba a ku Chilwa akuitanira malonda, anyamata akutsitsa madengu a mbatatesi ndi kabichi, a kabaza akuimba mabelu panja, anthu ali piringupiringu. Zimenezo ndiye Mzungu amati "a vibrant market". Mawuwa amakhala bwino kwambiri ponena za malo ndi magulu a anthu: msika, mzinda, kwaya, chikhalidwe. N'chifukwa chake pawailesi umamva andale akunena za "a vibrant economy", kutanthauza chuma chimene malonda ake akuyenda mwakathithi. Ine ndimaona kuti pamenepa mawuwa akugwiritsidwa ntchito mopitirira muyeso, mpaka ayamba kusukuluka, ndiye iwe usamawaponye paliponse pongofuna kukometsa chiganizo.

Ntchito yake yachiwiri ndi ya mitundu. Ukaona timbale ta sitiroberi tikugulitsidwa m'mbali mwa msewu wokwera ku Chawe, zipatsozo zili psuu, kapena phiri la Zomba mvula ikagwa lili biriwiri, ukhoza kulemba kuti "vibrant red" kapena "vibrant green". Chitenje chatsopano chimene sichinachapidwepo chili ndi "vibrant colours", koma chimene chambuwa ndi dzuwa sichingatchulidwe choncho. Uonenso apa kuti zimene Chingerezi chimanena ndi mfotokozi mmodzi, ife timazinena ndi mvekero wosiyana malinga ndi chinthucho, moti palibe liwu limodzi la Chichewa limene lingalowe m'malo mwake paliponse.

Nanga munthu? Zimatheka ndithu. "A vibrant young teacher" ndi mphunzitsi wochangamuka, wansangala, amene akangolowa m'kalasi ngakhale oodzera amadzuka. Pamenepa tikunena za khalidwe ndi mtima wake, osati kulemera kwa katundu amene anganyamule. Ukadalemba kuti agogo ako amavina tchopa paukwati mpaka anyamata kuyamba kutopa iwo akadali m'bwalo, n'kumaseketsa anthu ndi nthano zawo, sindikukhulupirira kuti cholembera chofiira chikadafika pa mawuwo. Komabe pali liwu lina lowayenera kwambiri, lakuti "sprightly", limene limanenedwa makamaka kwa okalamba amene akadali achangu. Lina lofanana nalo ndi "vivacious", koma limenelo limanenedwa kawirikawiri kwa atsikana ndi amayi, choncho usadzawapatse agogo aamuna.

Potchula, mphamvu uiike kumayambiriro, ndipo phatikizo loyambalo limveke ngati "vai", osati "vi". Ukafuna dzina lochokera ku mawuwa ndi "vibrancy", pamene muonjezi wake ndi "vibrantly". Tsopano tenga chimangirizo chako uchilembenso: pa thumba la chimanga paja uikepo "strong", kenako uwonjezere chiganizo chimodzi cha momwe agogowo amayendera popita kuchigayo, m'menemo muli "sprightly", ukawaonetse aphunzitsi ako.