Kodi kuopa kusiya ntchito n'kusowa chikhulupiriro?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene agwira ntchito pamalo amodzi kwa zaka 11. Ali ndi ana atatu, ndipo mtima wawo uli pa kusiya ntchitoyo kuti ayambe bizinesi yawoyawo. Mnzawo wa kutchalitchi akuwauza kuti asaope popeza Mulungu ndiye akulamulira zonse, pamene akazi awo akufunsa kumene fizi ya ana idzachokere bizinesiyo ikakanika. Apempherera chizindikiro kwa zaka ziwiri osachiona, ndipo akufunsa ngati kuzengereza kwawoku kuli kusowa chikhulupiriro.

M'bale wanga, mnzanuyo wanena zoona, koma wazifikitsa pamene Baibulo silinazifikitse. Ulamuliro wa Mulungu si lonjezo lakuti bizinesi yanu idzayenda. Anyamata atatu aja a pa Danieli 3 anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo akhoza kuwalanditsa m'ng'anjo yamoto, koma anawonjezera kuti ngakhale atapanda kuwalanditsa, fanolo salilambira. Estere nayenso analowa kwa mfumu osaitanidwa, akudziwa kuti lamulo linali imfa pokhapokha mfumu itamuloza ndi ndodo yake yagolide, ndipo panalibe mngelo amene anamutsimikizira kuti adzatuluka wamoyo.

Nkhani imene imandithandiza kwambiri ili pa Machitidwe 27. Paulo anali m'ngalawa yonyamula anthu 276, ndipo asananyamuke pa doko lina la ku Krete anachenjeza kuti ulendowo udzakhala woopsa, koma sanamumvere. Namondwe atawazunza masiku ambiri, mngelo anamuuza kuti palibe ngakhale mmodzi amene adzafe. Munthu wolandira lonjezo lotere tingayembekeze kuti apinda manja n'kudikira. Koma pa usiku wa 14, amalinyero atayamba kutsitsa kabwato kuti athawe, uku akunamizira kuti akukaponya anangula, Paulo anauza mkulu wa asilikali kuti anthuwo akachoka m'ngalawamo, otsalawo sapulumuka. Asilikali anadula zingwe, kabwato kanapita. Kenaka anawaumiriza onse kuti adye kuti apeze mphamvu. Paulo sanaone kutsutsana kulikonse pakati pa lonjezo la Mulungu ndi kusunga anthu odziwa kuyendetsa ngalawa, ndipo onsewo anafikadi pamtunda ku Melita.

Choncho funso la akazi anu musalione ngati mdani wa chikhulupiriro. Yesu mwini, pa Luka 14:28, akunena za womanga nsanja amene amayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Ndipo pamene Satana anamuuza kuti adziponye kuchokera pamwamba pa kachisi, mpaka kumutchulira Salmo 91, Yesu anakutcha kumeneko kuyesa Mulungu. Ndaona kuti anthu ofulumira kuuza anzawo kuti adumphe sakhalapo tsiku lobweza ngongole likafika.

Komabe sindikuti mukhale pa ntchitoyo mpaka kupuma. Ezara anachita manyazi kupempha asilikali kwa mfumu paulendo wa ku Yerusalemu, chifukwa anali atanena kale kuti Mulungu amasunga anthu ake, ndipo m'malo mwake anasala kudya pa mtsinje wa Ahava. Nehemiya, popita kumzinda womwewo, anayenda ndi akazembe ndiponso apakavalo a mfumu. Onse awiri anafika, ndipo Malemba sadzudzula aliyense wa iwo. Chimene ndikukayikira ndi chizindikiro mukudikiracho. Deuteronomo 29:29 imati zobisika ndi za Mulungu, zowululidwa ndiye zathu, ndipo mmene bizinesi yanu idzathere zili m'gulu la zobisikazo. Zowululidwa mukuzidziwa kale: kusamalira banja, kusanyenga anthu, kufunsa uphungu kwa ambiri, ndi kunena kuti Ambuye akalola, monga Yakobo akuphunzitsira amalonda m'chaputala 4 cha kalata yake.

Ndikanakhala inu, ndikanakhala pansi ndi mayi a kunyumba, kope ndi cholembera patebulo, n'kuwerenga miyezi imene ndalama zimene mwasunga zingayendetse banja popanda malipiro. Ndikanafunafunanso munthu amene anayesapo bizinesi yomweyo n'kugwa, chifukwa iyeyo adzakuuzani zimene wopambana anaziiwala. Ngati n'kotheka kuyamba pang'onopang'ono mukadali pa ntchito, yambani motero, ndipo kalata yosiyira ntchito musailembe mpaka akazi anu atanena okha kuti ali nanu limodzi.