Std. error ya 0, ndi script yoyenda pa laputopu imodzi yokha

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena omwe akulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri ku Chirunga kuno ku Zomba. Ndaidula, koma mfundo zake ndi izi:

"Ndinasankha midzi 12 ku Chingale, ndipo m'mudzi uliwonse ndinafunsa alimi 20 za matumba a chimanga omwe anakolola. Ndikufuna confidence interval (malire awiri omwe avereji yeniyeni ikuyembekezeka kukhala pakati pawo) ya avereji pogwiritsa ntchito boot mu R. Koma bias ikutuluka 0, std. error 0, ndipo boot.ci ikukana. Chinanso, script yomweyo ikuyenda bwinobwino kwanga, koma asupavaiza atayiyesa pa kompyuta yawo yafera pa mzere wachitatu. Vuto lili pati?"

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri, koma m'kalata yanuyo muli chachitatu chomwe chingakugwetseni pa tsiku loteteza kafukufuku. Tiyambe ndi 0 uja poti ndi wosavuta.

Njira ya bootstrap, yomwe boot imagwiritsa ntchito mu R (pulogalamu yowerengera data), anaifotokoza ndi Bradley Efron wa ku Stanford mu 1979. Poti simungabwerere ku Chingale ka 2000 kukafunsa alimi atsopano, alimi 240 omwe muli nawowo mumawatenga ngati ndiwo dera lonse. Zili ngati kulemba mayina awo pa timapepala n'kuponya m'chipewa: mutola kamodzi, mulemba, mubwezera m'chipewamo, mutolanso, mpaka ka 240. Ena atuluka kawiri kapena katatu, ena satuluka n'komwe. Masamu ake amasonyeza kuti pa ulendo uliwonse, pafupifupi 63 mwa anthu 100 ndi omwe amaonekera. Mukawerengera avereji pa ulendo uliwonse, ma avereji 2000 aja amasiyanasiyana, ndipo kumwazikana kwawoko ndiye std. error yanu. Ikatuluka 0, ndiye kuti maulendo onsewo munawerengera anthu omwewomwewo.

Function yomwe mwatumiza ndi iyi:

avereji <- function(d, i) mean(d$matumba)

Imayenera kukhala chonchi:

avereji <- function(d, i) mean(d$matumba[i], na.rm = TRUE)

boot sisokoneza data yanu ayi. Imaipereka yonse monga ilili, n'kuperekanso i, womwe ndi mndandanda wa manambala a mizere yomwe yatoledwa pa ulendo umenewo. Function yanu ikulandira i uja n'kungomusiya pakhomo. N'chifukwa chake boot.ci ikulemba kuti "All values of t are equal to" n'kukana. Mukakonza, yang'anani head(b$t) kapena hist(b$t), b kukhala zotsatira za boot: manambala azioneka osiyana. Ndawonjezera na.rm chifukwa mlimi mmodzi yekha wosayankha amatha kusandutsa zotsatira kukhala NA, kutanthauza kuti palibe nambala. Yendetsaninso summary(d$matumba) musanapite patali. Olowetsa data ambiri amalemba 999 pomwe munthu sanayankhe, ndipo R imakhulupirira kuti kuli mlimi wa matumba 999 ku Chingale.

Tsopano nkhani yomwe simunafunse. Function yokonzedwayo ikupatsani interval yooneka bwino, yopapatiza, koma yabodza. Inu simunasankhe alimi 240 mwachisawawa m'dera lonse. Munayamba kusankha midzi, kenako alimi m'midzimo. Alimi a mudzi umodzi amafanana pa zambiri: mvula inawagwera tsiku limodzi, dothi ndi lomwelo, mlangizi ndi yemweyo, feteleza anamupeza pa depoti imodzi sabata imodzi, mbozi zikalowa zimalowa m'minda yonse yoyandikana. Choncho mlimi wachikhumi wa m'mudzimo sakukuuzani zatsopano zambiri kuposa zomwe asanu ndi anayi oyamba anena kale. Mukamatola mlimi mmodzimmodzi, mukunamiza R kuti muli ndi mboni 240 zosadziwana, pamene zoona zake zili pakati pa 12 ndi 240, ndipo midzi ikamasiyana kwambiri, zimayandikira ku 12.

Lamulo lake ndi loti kompyuta itole monga momwe inu munasankhira kumudzi. Munayamba ndi midzi, nayonso itole midzi:

midzi <- unique(as.character(d$mudzi))
pamudzi <- function(m, i) {
  x <- unlist(lapply(m[i], function(k) d$matumba[d$mudzi == k]))
  mean(x, na.rm = TRUE)
}
set.seed(2024)
b <- boot(midzi, pamudzi, R = 2000)
print(boot.ci(b, type = "perc"))

Apa pali msampha womwe umakola ngakhale odziwa. Wina amafuna kufupikitsa n'kulemba d$mudzi %in% m[i]. Zimayenda popanda kudandaula kulikonse, koma mudzi womwe watoledwa katatu umalowa kamodzi kokha, ndiye kuti si bootstrap imeneyo. lapply ija ili pamenepo dala, kuti mudzi wotuluka katatu ubweretse alimi ake katatu.

Interval ikula, mwina kwambiri, ndipo mtima ukuwawani. Isiyeni choncho. Midzi 12 ndi yochepa, ndipo pa magulu ochepa chotere ngakhale bootstrap ya midziyi imakonda kupereka interval yopapatizabe kuposa yoyenera. Zilembeni poyera m'chaputala cha njira za kafukufuku. Ine ndingakonde kuwerenga wophunzira wonena kuti "midzi yanga ndi yochepa, nambala iyi muiwerenge mosamala" kusiyana ndi wobwera ndi ma decimal anayi pa matumba a chimanga. Oyesa omwe anagwirapo data ya kumudzi funso lawo loyamba limakhala la momwe munasankhira anthu.

Izi si za inu nokha. A National Statistical Office, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, pa Integrated Household Survey amayamba kusankha madera owerengera anthu, kenako mabanja m'maderamo, ndipo banja lililonse limakhala ndi weight yake, nambala ya mabanja omwe likuimira. Amene akugwiritsa ntchito data ngati ya IHS5 ya 2019 mpaka 2020 asavutike kulemba zonsezi pamanja. Package ya survey, ya Thomas Lumley, ili ndi svydesign yofotokozera madera, ma strata (magulu omwe dziko linagawidwa asanasankhe) ndi ma weight, ndipo as.svrepdesign imapanga bootstrap yolemekeza kasankhidweko.

Za script yofera kwa asupavaiza, simunandiuze uthenga womwe unatuluka, koma pa mzere wachitatu okayikiridwa ndi atatu. Ngati walemba "cannot open file" kapena "cannot change working directory", ndiye kuti muli ndi setwd yoloza ku Desktop ya laputopu yanu, foda yomwe kwa iwo kulibe. Pangani RStudio Project, ikani data ndi script m'foda imodzi, muziwerenga ndi read.csv("data/chimanga.csv"), ndipo muzitumiza foda yonse. Ngati walemba "could not find function", ndiye kuti library(boot) munailemba mu console tsiku lina koma mu script mulibe. boot imabwera kale ndi R, koma siidzuka yokha. Ngati walemba "object 'd' not found", ndiye kuti d, data yanu ija, akukhala m'chikumbumtima cha RStudio yanu basi. RStudio imasunga zinthu mu .RData n'kuzibwezeretsa mukatsegula, moti mutha kugwira ntchito miyezi ndi d yemwe munamukonza pamanja, mzere womupanga munaufufuta kalekale.

Mankhwala ake ndi kuzimitsa "Restore .RData into workspace at startup" mu Global Options, kenako Restart R, kenako Source, kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza osakhudza kalikonse. rm(list = ls()) siyokwanira, chifukwa imachotsa ma object koma ma package omwe munadzutsa amakhalabe maso. Kuyesa kwenikweni ndi kutsegula terminal n'kulemba Rscript kafukufuku.R. Ikadutsa pamenepo, ndiye itumizeni. Dziwaninso kuti source() sisindikiza zotsatira pokhapokha mutaiuza, n'chifukwa chake pamwambapa boot.ci ndaikulunga mu print.

Ikayenda kwa onse awiri koma manambala n'kusiyana pang'ono, onani ngati set.seed, yomwe imachititsa kuti kompyuta itole mofanana nthawi zonse, ili pamwamba pa boot. Ngati ilipo koma akusiyanabe, fananitsani sessionInfo() ya makompyuta awiriwo. Kuyambira R 3.6.0 ya mu 2019, sample inasintha katoledwe kake, choncho seed yomweyo pa R yakale ya mu labu ndi R yatsopano ya pa laputopu imapereka zosiyana. Kusiyana kwa pa decimal yachiwiri si vuto. Kukakhala kwakukulu, onjezani chiwerengero cha maulendo, R = 2000 uja wa mu boot, kufika 5000 kapena 10000. Ndipo ikatha, lembani saveRDS(b, "boot_midzi.rds"), kuti magetsi akazima musayambirenso, komanso kuti manambala a mu tebulo lanu akhale omwewo mawa.

Ikafabe kwa asupavaiza, nditumizireni uthenga wofiirawo wonse mwa kukopa malemba ake, pamodzi ndi mizere khumi yoyamba ya script ndi zotuluka za str(d). Mayina a alimi muyambe mwawachotsa.