Mwezi wathunthu panyanja ya Atlantic ndi anthu awiri osawadziwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amagwira ntchito yopala ndi kupukuta mabwato ku Cape Town. Dzina lake ndalisunga, koma wandilola kuti ndimuyankhe poyera. Kaputeni wina wamupatsa malo pa bwato latsopano la matanga, la mtundu wa catamaran (looneka ngati mabwato awiri olumikizidwa), limene likukaperekedwa kwa mwini wake kutsidya la nyanja ya Atlantic. Adzadzera pa chilumba cha St Helena mpaka ku Salvador m'dziko la Brazil, ndipo adzakhala anthu atatu basi. Walemba kuti: "Mafunde sindikuwaopa kwenikweni, ndinakulira kunyanja. Chikundisowetsa tulo ndi anthu. Ndikakhala bwanji mwezi wathunthu ndi azungu awiri osawadziwa, pamalo poti sungatuluke kukapitidwa mphepo? Tikayambana ndithawira kuti?"

Achimwene, funso lanu lalasa penipeni. Ambiri amafunsa za namondwe ndi za shaki, chonsecho chimene chimakometsa kapena kuwawitsa ulendo wotere ndi anthu amene uli nawo.

Tiyambe ndi njira yake, kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Kuchokera ku Cape Town kukafika ku Jamestown, tauni ya pa St Helena, ndi makilomita pafupifupi 3,100. Bwato lotere limayenda makilomita 250 mpaka 300 pa tsiku, ndiye werengerani masiku 10 mpaka 13 osaona mtunda. Kuchoka apo kukafika ku Salvador ndi makilomita enanso pafupifupi 3,500. Masiku oyamba ndiwo owawa. Madzi a kugombe limenelo ndi ozizira chifukwa cha madzi oyenda a m'nyanja otchedwa Benguela ochokera kummwera, mphepo imakhala yaukali, mafunde aatali. Mukakwera chakumpoto nyanja imafunda, mphepo imakhazikika n'kumawomba kumbuyo kwanu kuchokera kummwera chakummawa, mbali yomweyo imene mwera umachokera kunyanja yathu, kungoti iyi imatha masabata isanasinthe.

Pamasiku oyambawo mwina mudzasanza, ngakhale munakulira kunyanja. Mwinanso adzasanza ndi mnzanu amene wayenda maulendo ambiri. Mseru wa panyanja susankha, ndipo kwa anthu ambiri umatha pakapita masiku awiri kapena atatu. Apa ndi pamene anthu amayamba kudziwana. Mnzanu akagwada pa ndowa, musamuseke, musamuchulukitsire mafunso. Mupatseni madzi ndi bisiketi youma, tsukani ndowayo, ndipo ngati mungathe muwonjezereni ola limodzi la tulo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu saiwala amene anamutsukira ndowa.

Tsono nkhani yaikulu ndi ulonda. Bwato siliima usiku. Palibe poponya nangula, pansi pake ndi makilomita 4 kapena 5. Choncho nthawi zonse pamayenera kukhala munthu mmodzi ali maso. Pa anthu atatu, ambiri amagawana maola atatu a ulonda ndi maola asanu ndi limodzi opuma, usana ndi usiku, mpaka kufika. Sitima yaikulu yonyamula katundu ingathe kuchoka pamene maso alekezera n'kukufikani m'mphindi 20 zokha. Ndiye wa pa ulonda amaimirira mphindi 10 kapena 15 zilizonse n'kuyang'ana mbali zonse, kuona chipangizo cha AIS chimene chimaonetsa sitima zapafupi, kuona mitambo, kumvetsera matanga. Taganizani tanthauzo lake. Inuyo mukamatsika kukagona, mwapereka moyo wanu m'manja mwa munthu amene ali pamwambayo. Iyenso akamagona waupereka kwa inu. Chibale cha pa bwato chimamera pamenepa. Sichimera pa nthabwala, pa kufanana mtundu, kapena pa kukonda timu imodzi ya mpira. Munthu amene anzake amagona tulo tofa nato iye akakhala pa ulonda, ameneyo amakondedwa, ngakhale atakhala wosayankhulayankhula.

Ndikufotokozereni mmene kusinthana kwa usiku kumakhalira, chifukwa ineyo ndi gawo limene ndimalikonda kuposa onse. Nthawi ili cha m'ma 3 koloko. Mwadzuka kutatsala mphindi 10, mwavala jekete yanu yoyandamitsa ndi lamba womangirira, mwatereka ketulo, mwathira tiyi m'makapu awiri. Mwayatsa tochi yofiira yokha kuti musathobwe mnzanu m'maso. Mukangotuluka pakhomo mumakoleka lamba wanu pa chingwe, kenako n'kumupatsa kapu yake. Iye amakuuzani motsitsa mawu, poti wachitatu ali mtulo: mphepo yakwerako pang'ono, thanga lakutsogolo ndalipindako, kumanzere kunadutsa nyale ya sitima koma yapita. Ntchito yake yatha, maso ali gwaa ndi tulo, koma kawirikawiri sanyamuka msanga. Amakhala pansi kuti amalize tiyi. M'mphindi zimenezo, mumdima, anthu osayang'anana kumaso, m'pamene zakukhosi zimatuluka. Ndinayendapo ndi bambo wina amene masana ankangoyankha kuti inde kapena ayi. Usiku wina, kapu ili m'manja, anayamba yekha kufotokoza za mwana wake amene anasiya kumuyankhula. Sindinamupatse malangizo aliwonse, ndinangomvetsera. Kuyambira pamenepo tinkagwira ntchito ngati anthu odziwana kalekale.

Ndiye lamulo langa loyamba kwa inu ndi losavuta: musachedwe pa ulonda, ngakhale ndi mphindi ziwiri. Kumtunda kuchedwa pang'ono si mlandu. Panyanja, mphindi zimenezo mwaba pa tulo ta mnzanu, ndipo munthu wotopa amaziwerenga.

Pali chinthu china chimene ndikufuna ndikuuzeni monga m'bale, chifukwa chimatikhudza ife makamaka. Tinaleredwa kuti wamkulu sadzutsidwa chisawawa, ndipo bwana akafunsa timayankha kuti palibe vuto ngakhale vuto lilipo. Ulemu umenewo ndi wabwino kumtunda, koma pa bwato ungathe kupha anthu. Mukaona nyale imene simukuimvetsa, mtambo wakuda ukubwera, kapena mukamva phokoso lachilendo ku mlongoti, dzutsani kaputeni. Kaputeni wabwino aliyense amanena yekha asananyamuke kuti mundidzutse nthawi ina iliyonse, ndipo amanenadi zochokera pansi pa mtima. Iye amagona bwino akadziwa kuti simuchita manyazi kumudzutsa. Chimodzimodzi mukathyola chinthu, mukadzicheka, kapena mutu ukamawawa: nenani pomwepo. Ndipo usiku musachoke pamalo owongolera kupita kutsogolo kwa bwato popanda wina wokuonani, musakodzere m'mbali mwa bwato. Munthu akagwera m'madzi usiku anzake ali mtulo, bwato limangopitirira.

Za kuyambana, inde mudzayambana, koma osati pa zinthu zimene mukuganiza. Nkhani za ndale kapena za chipembedzo sizivuta kwenikweni. Zimene zimautsa mkwiyo ndi kapu yosiyidwa yosatsuka, chimbudzi chopopa ndi dzanja chimene wina sanapope mokwanira, wina kusamba ndi madzi ambiri pomwe thanki ndi ya tonse, chokoleti chomaliza chimene chasowa usiku. Tinthu totere timakula chifukwa aliyense sakugona mokwanira. Mankhwala ake ndi kunena tsiku lomwelo, munthu atadya ndiponso atapuma, ndipo kunena za chinthucho osati za khalidwe lake. Kusunga mangawa mumtima n'kumamwetulira pamaso sikuyenda pamalo opanikizana chotero. Mnzanu amamva kuti china chake chavunda koma sadziwa kuti n'chiyani. Mabwato ambiri ali ndi mwambo woti chakudya chamadzulo onse amadyera pamodzi dzuwa lisanalowe. Mwambo umenewu muusunge, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene nonse atatu mumakhala maso, ndipo tinkhani tambiri timathera pa mbale.

Mwina mudzadabwa kuti vuto silidzakhala kupanikizana koma kusungulumwa. Pa anthu atatu, mmodzi akakhala pa ulonda awiriwo nthawi zambiri ali mtulo. Mudzakhala nokha maola ambiri, inu ndi nyenyezi ndi madzi amene amathetheka ngati ali ndi moto bwato likamawang'amba. Ndipo mnzanu akakakhala yekha kutsogolo kwa bwato masana, kapena akavala zomvera m'makutu, musiyeni. Kumeneko ndiye kupitidwa mphepo kwa panyanja.

Pali nkhani ina imene imandilimbitsa mtima. Mu 1973, katswiri wina wa ku Mexico wophunzira za chikhalidwe cha anthu, Santiago Genovés, anasonkhanitsa anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, wansembe wa ku Angola ali momwemo, n'kukwera nawo chombo chotchedwa Acali. Onse pamodzi analipo 11, amayi 6 ndi amuna 5. Ananyamuka ku Las Palmas, ku zilumba za Canary, ndipo anatha masiku 101 kuti akafike ku Cozumel ku Mexico. Cholinga chake chinali kuona mmene chiwawa chimayambira anthu akapanikizana. Chiwawacho sichinabwere. Anthuwo anagwirizana, ndipo amene anamukwiyira anali Genovés mwini wake, chifukwa chowasonkhezera kuti ayambane. Ine ndimatolapo ziwiri: anthu osadziwana akakhala ndi ntchito imodzi yoti apulumuke amakonda kugwirizana, ndipo amene angawononge zonse ndi mtsogoleri.

Mtsogoleri wabwino mumuonere pa Ernest Shackleton, amene ankatsogolera maulendo ofufuza ku Antarctica. Mu 1916, iye ndi anzake asanu anayenda makilomita pafupifupi 1,300 pa kabwato kosakwana mamita 7, kotchedwa James Caird, kuchokera ku chilumba cha Elephant kukafika ku chilumba cha South Georgia, m'nyanja yozizira koopsa. Akaona kuti mmodzi wafooka ndi chisanu, ankalamula kuti aliyense apatsidwe chakumwa chotentha, kuti wofookayo asadziwe kuti achitira iye n'kutaya mtima. Kaputeni wanu sadzakhala Shackleton, koma mtima umenewo umaoneka ngakhale pa doko: mmene amayankhulira ndi wogulitsa mafuta, mmene amayankhira mukafunsa funso la munthu wongoyamba kumene.

Nkhani ya khungu sindiizemba. Mwazolowera kukhala wantchito pa mabwato a anthu ena, ndipo n'kosavuta kuti mupezeke mukutsuka mbale zonse, kukolopa ndi kuphika, anzanu osaona cholakwika chilichonse, inunso n'kumaona ngati ndi mmene ziyenera kukhalira. Musalole, ndipo musayambitse nokha. Mukukwera ngati mmalinyero mnzawo, wa ulonda wofanana ndi wawo. Musananyamuke funsani mmene ntchito ya kuphika ndi kuyeretsa idzagawidwire, ndipo ilembedwe papepala lomata pakhoma. Pa mabwato abwino amene ndawaona, kaputeni naye amatsuka chimbudzi tsiku lake likakwana. Zikakhala choncho, thandizo limene mungapereke mwa kufuna kwanu limakhala mphatso, osati udindo.

Tengani ufa. Ndikunenetsa. Ku Cape Town ufa wa chimanga uli m'sitolo iliyonse, ndipo suwonongeka msanga. Tsiku lina chingwe cha mbedza chimene mumakoka kumbuyo chidzalira, ndipo mudzakweza dorado, nsomba yobiriwira mosakanikira golide imene mtundu wake umazilala mukuona ikamafa. Aliyense amadzuka, ngakhale amene anangogona kumene. Tsiku limenelo pemphani kuti muphike ndinu. Valani buluku lalitali ndi nsapato pophika chifukwa phala lotentha likakhavukira pa mwendo kulibe chipatala, mangani poto pa chitofu, vundulani nsima yanu, kazingani nsombayo ndi anyezi. Asambitseni m'manja, aphunzitseni kutema mbamu ndi kuiumba. Adzalephera, adzaseka, adzapempha ina. Mawa lake wina adzakuphunzitsani kuphika buledi, kapena kuwerenga nyenyezi. Zamasamba zofewa zimatha sabata yoyamba, nthochi zimapsa zonse tsiku limodzi, ndipo chakumapeto mumatsala ndi kabichi, anyezi, mbatatesi ndi zam'chitini, choncho munthu wodziwa kukometsa zochepa amakhala wamtengo wapatali.

Ku St Helena bwato limaima panja pa doko, ndipo kabwato kakang'ono kamakutengani kukakusiyani pa masitepe pamene mumagwira chingwe cholendewera n'kudumphira kumtunda funde likakukwezani. Miyendo imakana kuyenda mowongoka. Kwerani masitepe 699 a Jacob's Ladder, kaoneni nyumba ya Longwood kumene Napoleon, amene anali mfumu ya ku France, anafera mu 1821, koma pezaninso maola angapo oti muyende nokha, anzanunso ayende okha. Madzulo mudzapezeka mukufunana. Ndipo ngati zinthu zaipiratu, ngati kaputeni ndi woledzera pa ulonda kapena wachipongwe, pachilumbapa ndi pamene mungatsike: kuyambira mu 2017 pali ndege zonyamula anthu zopita ku Johannesburg. Tikiti yake ndi yodula, choncho ndi bwino kumudziwa munthuyo musananyamuke.

Pemphani kuti muyende nawo kaye tsiku limodzi pafupi ndi Table Bay, ku Cape Town komweko, nonse atatu. Funsani lamulo la mowa; mabwato ambiri oyenda ulendo wotere salola mowa mpaka atafika. Aloleni akuonetseni kabwato kopulumukira, chipangizo cha EPIRB chimene chimaitana thandizo kudzera pa setilaiti, ndi bokosi la mankhwala, ndipo auzeni za matenda alionse amene muli nawo. Za malipiro ndi za tikiti ya ndege yobwerera zilembedwe, chifukwa maulendo ena operekera mabwato salipira wongoyamba kumene, amangomupatsa chakudya ndi tikiti. Onaninso pasipoti yanu, viza ya mayiko amene mudzafikeko, ndiponso ngati mapepala anu a ku South Africa adzakulolani kulowanso mukamabwerera. Akunyumba auzeni kuti foni idzakhala chete masabata awiri, kenako awiri enanso, ndipo apatseni nambala ya munthu wa kumtunda amene kaputeni azidzamutumizira mauthenga. Zimenezi zikalongosoka, achimwene, ine ndikuti pitani.