Kodi mawu a mbewu akusonyeza ubale wa zinenero za ku Caucasus ndi za Sino-Tibetan?

Mwafunsa ngati kufanana kwa mayina a tirigu, balere ndi mpunga m'zinenero za ku Caucasus (dera la mapiri la pakati pa nyanja za Black Sea ndi Caspian) ndi za Sino-Tibetan (banja la zinenero monga Chitchaina ndi Chitibeti) kukutsimikizira kuti zinachokera kumodzi. Ganizo limeneli analitchukitsa ndi Sergei Starostin, katswiri wa zinenero wa ku Russia, m'zaka za m'ma 1980, pamene anagwirizanitsa zinenero za kumpoto kwa Caucasus, monga Chechen ndi Avar, ndi za Sino-Tibetan komanso za Yeniseian (za ku Siberia). Chijojiya, chinenero cha kum'mwera kwa Caucasus, sichili m'gulu limenelo, ndipo akatswiri ambiri sanalivomereze ganizoli.

Kwa ine, mayina a mbewu ndi umboni wofooka kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa mbewu zimayenda ndi amalonda ndipo dzina limapita nayo limodzi. Tirigu ndi balere anayamba kulimidwa kumadzulo kwa Asia, n'kufika ku China mochedwa, pamene mbewu yonga mawere yotchedwa Panicum miliaceum inachokera kumpoto kwa China n'kulowera kumadzulo. Ngati dzina lafanana m'madera awiriwa, n'kutheka kuti linabwerekedwa m'njira, monga momwe liwu lathu lakuti tirigu linachokera ku Chipwitikizi trigo popanda ife kukhala pachibale ndi Apwitikizi.

Chitsanzo china ndi liwu la Chitibeti 'bras, lotanthauza mpunga, lomwe limafanana kwambiri ndi beras wa Chimalay, ndipo katswiri wa zinenero Laurent Sagart amaligwiritsa ntchito pogwirizanitsa Sino-Tibetan ndi zinenero za Austronesian (banja lomwe Chimalay chilimo), osati za Caucasus. Pofufuza ubale, yang'anani kaye ngati kusintha kwa kamvekedwe kukutsata dongosolo lofanana m'mawu ambiri, makamaka a ziwalo za thupi ndi manambala.