Geni ya matenti imapindulira pa kusankha

Achemwali, mwafunsa kuti malonda a matenti ogonamo anthu okacheza kumapiri ndi kunkhalango amayenda bwanji, ndiponso kuti pokapikula kunja kwa dziko muziyang'ana chiyani. Ndikuuzani momwe ine ndimachitira.

Musananyamuke, dziwani munthu amene mukukamugulira. Woyenda pansi katundu ali kumsana amafuna tenti yopepuka, ya makilogalamu 2 kapena 3. Banja loyenda pa galimoto kulemera silisamala, limafuna yoti bambo aimirire mkati osawerama. Mukaoda mtundu umodzi wokha poti ndi wotchipa, mpamba wanu ugona m'makatoni.

Pamalo opikulira musatulutse ndalama musanaone tentiyo itaimikidwa. Lowanimo, gonani ndithu. Yolembedwa kuti ndi ya anthu anayi imatanthauza anthu anayi ogona mothithikana, aliyense malo osapitirira masentimita 60, chikwama chilibe poika. Ine ndimauza kasitomala kuti pa nambala yapathumbayo achotsepo munthu mmodzi, ndipo sanabwerepo wina kudzadandaula kuti yamukulira.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Pa pepala la tenti pamakhala nambala ya mamilimita, imene amaitcha hydrostatic head, yosonyeza kuchuluka kwa madzi amene nsaluyo ingapirire isanayambe kulowetsa. Ya 1,500 mm imatha mvula yowaza, koma pa mvula yamkuntho funani 3,000 mm. Nsalu yapansi ipose pamenepo, ifike ngakhale 5,000 mm, chifukwa bondo kapena chigongono chikakanikiza pa nthaka yonyowa madzi amakwera. Komatu nambala yokha siikwanira. Tembenuzani nsalu muone m'misoko. Paliponse pamene singano inadutsa inasiya kabowo, choncho misoko iyenera kukhala yomatidwa ndi tepi yoonekera mkati. Kandani tepiyo ndi chikhadabo. Ikamatuka mosavuta, katoni yonseyo isiyeni.

Ine ndimakonda tenti ya nsalu ziwiri, yamkati yokhala ndi neti yotchinga udzudzu, ndi yakunja yofika pansi penipeni. Munthu akagona amatulutsa chinyezi popuma. Mu tenti ya nsalu imodzi yopanda mazenera, chinyezicho chimasanduka madontho kudenga, ndipo m'mawa kasitomala amakuimbirani kuti mwamugulitsa yodontha, pomwe mvula siinagwe n'komwe.

Ndodo zoimikira zilipo za fibreglass ndi za aluminiyamu. Za fibreglass n'zotchipa koma n'zolemera, ndipo mphepo ikakula zimang'aluka n'kuboola nsalu. Za aluminiyamu zimangopindika, mwini wake n'kuziwongola. Zipi itsekeni ndi kuitsegula kangapo ndi dzanja limodzi, chifukwa matenti ambiri amatayidwa nsalu ikadali bwino, zipi ndiyo itafa. Ikakhala ya YKK, kampani yodziwika popanga mazipi olimba, mtima umakhala m'malo. Nsalu ya polyester imapirira dzuwa kuposa ya nayiloni ndipo siilendewera ikanyowa. Ya kanivasi imakhalitsa komanso mkati simutentha kwambiri, koma kulemera kwake mudzakumva polipira mayendedwe.

China chimene ambiri sachita: nunkhizani. Mankhwala a polyurethane opakidwa mkati mwa nsalu amaonongeka tenti ikakhalitsa malo otentha ndi achinyezi. Imayamba kumata m'manja ndi kununkha ngati zosasa. Ogulitsa ena amatsitsa mtengo wa katundu wotereyu kuti awachoke. Imeneyo yatha kale ntchito, ngakhale ikuoneka yatsopano.

Tsopano za pa boda. Matenti ali pa nambala 6306 pa ndandanda ya katundu ya HS imene maofesi a msonkho padziko lonse amagwiritsa ntchito, ndipo a nsalu zamakono monga polyester ali pa 6306.22. Msonkho umawerengedwa pa mtengo wa katundu, ndipo m'mayiko ambiri amaphatikizapo mayendedwe ndi inshuwalansi. Mulingo wake umasiyana dziko ndi dziko komanso umasintha, ndiye funsani ku ofesi ya msonkho kapena kwa ejenti wovomerezeka musanagule. Sungani invoisi yeniyeni. Wina akakunyengererani kuti mulembetse mtengo wotsika, kanani, poti a msonkho akakugwirani mudzalipira chindapusa, mwinanso kulandidwa katundu yense. Dziwaninso kuti mapangano ochotserana msonkho pakati pa mayiko oyandikana amayang'ana kumene katundu anapangidwa, osati kumene mwamugula. Matenti ambiri amasokedwa ku China, choncho ngakhale muwapikule m'dziko loyandikana ndi lathu, msonkho mudzalipira.

Onyamula katundu nawo amalipiritsa potengera kulemera kapena malo amene katunduyo watenga, chimene chakula ndicho amatsata. Matenti odzitambasula okha aja amapindidwa mozungulira ngati tayala, ndipo amadya malo ambiri. Zonsezi muziwerengere musanaike mtengo wogulitsira.

Muzitenganso zikhomo, zingwe ndi ndodo zapadera, anthu amabwerera kudzazifuna. Ndipo aliyense wogula muzimuuza zinthu ziwiri. Asapinde tenti yonyowa n'kuisunga, imachita chuku. Chachiwiri, asalowetse moto wamakala kapena sitovu mkati, ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wa carbon monoxide umene motowo umatulutsa sununkha, suoneka, ndipo umapha munthu ali m'tulo.