Ulendo woyamba wa ku nyanja yamchere ndi mwana wamng'ono

Achemwali, mwafunsa zoti munyamule popita ku Durban mu Disembala ndi kamwana kanu ka zaka 2. Choyamba, iwalani za ku Senga Bay. Nyanja ya ku Durban ndi yamchere, ndipo mafunde ake amagwetsa ngakhale munthu wamkulu. Muzisambira pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pomwe pamakhala opulumutsa anthu, mwana ali m'manja nthawi zonse. Mukaona tinthu tabuluu tokhala ngati tibaluni pamchenga, amati ma bluebottle, asatitole. Timaluma koopsa.

Kuchoka kuno ku Johannesburg pa msewu wa N3 ndi makilomita pafupifupi 570, maola 6 kapena kuposa, ndipo konzani ndalama za ma toll gate. Ife tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha mwana ali mtulo, n'kukapuma ku Harrismith. Mpando wake wa m'galimoto usatsale, lamulo la kuno limafuna kuti mwana wosakwana zaka 3 akhale pamenepo.

Koma chachikulu ndi dzuwa. Ena amati ife akuda sitipsa nalo, bodza limenelo, wanga anasupuka mapewa tsiku loyamba lomwe, usiku wonse osagona. Gulani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50, chipewa chotakata, ambulera, ndi matewera osambira nawo, chifukwa wambawa amafufuma akangolowa m'madzi. Masana dzuwa likaswa mtengo, bwererani kumthunzi. Zitenje tengani zitatu, chimodzi choyala, china chomupukutira, china chomuberekera akatopa.

Zidole musavutike nazo, kachidebe ndi supuni zakwana. Malo ogona lipiranitu pano, Disembala ku Durban kumadzaza.