Namgumi sadziwa malire

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wanditumizira imelo. Mwana wake wafunsidwa kusukulu ngati malo otetezedwa a m'nyanja zamchere amapulumutsadi nyama zikuluzikulu kwa asodzi. Achemwali, funso lanuli landikumbutsa kwathu.

Ine ndine mwana wa msodzi. Ndisanabwere kuno ku Harare ndinakulira ku Chembe, ku Mangochi, pafupi ndi paki ya Nyanja ya Malawi yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Lamulo linkaletsa kuponya ukonde pamtunda wosakwana mamita 100 kuchokera ku zilumba za pakiyo. Bambo ankadandaula usiku uliwonse akusoka matchera pa khonde, nyali ikufuka utsi. Koma tsiku lina anandikweza m'bwato mpaka ku chilumba cha Thumbi, n'kuti, "Suzumira." Mbuna, nsomba zing'onozing'ono za m'miyala, zinali waliwali, zabuluu, zachikasu. Mbuna sizichoka pamwala pake, n'chifukwa chake lamulo linazisunga. Nanga chambo? Chimayenda, ndipo chinkakathera m'maukonde kutali ndi paki. Mpaka lero ndikamagula kapenta wa ku Kariba pa Mbare Musika mtima umandiwawa, chifukwa ndinaona ndi maso anga chambo chikuchepa m'bwato la bambo chaka ndi chaka.

Ndiye munthu asandiuze kuti kujambula mzere pa mapu n'kuteteza nyama. Ayi. Mu 2022 mayiko anagwirizana ku Montreal zoteteza magawo 30 pa 100 aliwonse a nyanja pofika 2030. Nzabwino, koma malo opanda boti la alonda, amene asodzi a m'mudzi sanafunsidwe n'komwe, ndi pepala chabe. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu ndi asodzi amatseka usodzi okha nyengo ya mvula, ndipo anthu amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo.

Tsono zoti mwana alembe

Malo otetezedwa amathandiza nyama zokhala pamalo amodzi. Ku Bazaruto, ku Mozambique, paki ya mu 1971 ikusungabe ma dugong, nyama zodya udzu wa pansi pa nyanja zimene zimafa zikakodwa m'matchera. Koma namgumi amachokera ku Antarctica kudzaswana kugombe lomwelo, ndipo akamba a m'nyanja ndi shaki amadutsa madzi a mayiko ambiri. Amenewa paki imawateteza masiku amene ali m'katimo basi. Akatuluka, chimawapulumutsa ndi lamulo la mtundu wa maukonde ndi mbedza zimene zombo zikuponya.